Kind of Blue pa mbale ya galamafoni ndi pa CD: kusiyana kwa kamvekedwe kumachokera kuti?

Okonda jazz awiri akhoza kukangana mpaka tambala kulira pa nkhani yoti chimbale cha Miles Davis cha Kind of Blue chimakoma pa mbale ya galamafoni kapena pa CD, koma kawirikawiri aliyense amakhala akunena za chinthu chake. Wina ali ndi mbale ya sitiriyo ya m'zaka za m'ma 1960, mnzake ali ndi CD ya 1997. Ziwirizi sizinasakanizidwe ndi munthu mmodzi, sizinadutse m'makina amodzi, ndipo nyimbo zitatu zoyambirira siziyenda pa liwiro limodzi. Pulasitiki imene nyimbo yasungidwamo ili ndi gawo lake ndithu, koma gawo lalikulu la zimene khutu limamva linasankhidwa kale ndi anthu amene anagwira tepiyo isanafike pa mbale kapena pa CD. Chimbale ichi n'chabwino kuphunzirirapo chifukwa mbiri ya matepi ake ndi yodziwika bwino.

Zimene zinachitika mu situdiyo

Kind of Blue inajambulidwa masiku awiri okha, pa 2 Marichi ndi pa 22 Epulo 1959, mu situdiyo ya kampani ya Columbia ya pa 30th Street ku New York, nyumba yaikulu imene poyamba inali tchalitchi. Katswiri wojambula mawu anali Fred Plaut. Miles Davis anali pa lipenga, John Coltrane ndi Cannonball Adderley pa masakisofoni, Bill Evans pa piyano, Paul Chambers pa besi, Jimmy Cobb pa ng'oma, ndipo Wynton Kelly analiza piyano m'nyimbo imodzi yokha, Freddie Freeloader. Chimbalecho chinatuluka mu Ogasiti chaka chomwecho m'mitundu iwiri: mono, ya njira imodzi ya mawu, ya nambala CL 1355, ndi sitiriyo, ya njira ziwiri, ya nambala CS 8163.

Mawu a sitiriyo anajambulidwa pa tepi ya njira zitatu: kumanzere, pakati ndi kumanja. Mbale ndi CD zimanyamula njira ziwiri zokha, choncho nthawi iliyonse imene chimbalechi chikonzedwa kuchokera pa tepi ya njira zitatu ija, pamafunika munthu woti asankhe kuchuluka kwa njira yapakati imene aigawire kumanzere ndi kumanja. Pakatipo ndi pamene pali lipenga la Miles ndi besi ya Chambers. Kumanzere kuli piyano ndi Coltrane, kumanja kuli ng'oma ndi Adderley. Wosakaniza akakweza njira yapakati ndi madesibelo awiri okha (desibelo ndi muyezo wa mphamvu ya mawu), besi imanenepa ndipo lipenga limabwera pafupi ndi womvera. Munthu akamanena kuti mbale yake ili ndi besi yambiri kuposa CD, mwina akumva dzanja la wosakanizayo.

Ndiye pali nkhani ya liwiro, imene ndi yosowa kuipeza pa zimbale zina. Pa tsiku loyamba, makina amene ankajambula tepi yaikulu ya njira zitatu ankayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene amayenera kuyendera. Tepi yojambulidwa pa makina ochedwa, ikaseweredwa pa makina abwinobwino imathamanga, ndipo mawu ake amakwera. Kusiyanako kunali kopitirira pang'ono 1 peresenti. Nyimbo zitatu za tsikulo, So What, Freddie Freeloader ndi Blue in Green, ndi zimene zimadzaza mbali yoyamba ya mbale, ndipo kwa zaka zoposa 30 zinkamveka zokwera pang'ono pa mbale zonse za sitiriyo komanso pa ma CD oyambirira. Oimba amene ankayesa kutsatira nyimbozi ndi piyano yotchunidwa bwino ankaona kuti sizikugwirizana. Vutoli linakonzedwa koyamba pa CD ya golide ya MasterSound ya 1992, Mark Wilder wa ku Sony atalizindikira. Mbali yachiwiri, ya All Blues ndi Flamenco Sketches, inajambulidwa mu Epulo ndipo inalibe vutoli.

Kusiyana kwa 1 peresenti kumaoneka kochepa, koma noti ya A imene imayenera kukhala pa 440 Hz (mafunde 440 pa sekondi) imafika pa 444 Hz kapena kupitirira, ndipo nyimbo ya mphindi 9 imafupika ndi masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Khutu limamva nyimbo yothamanga pang'ono ngati yowala ndi yachangu, yochedwa ngati yolemera ndi yodekha. Amene anakulira pa mbale yakale ya sitiriyo akamva CD yokonzedwa amatha kunena kuti yazizira, pamene chimene wamva ndi liwiro lenileni la oimbawo.

Mono ndi nkhani ina. Inajambulidwa pa makina akeake nthawi yomweyo, ndiye liwiro lake linali lolondola kuyambira pachiyambi. Tepi yake yoyambirira inasowa, moti mono imene inatulukanso mu 2013 inachita kusakanizidwa mwatsopano kuchokera pa njira zitatu zija, potengera mmene mbale yakale inkamvekera.

Pakati pa zonsezi pali CD ya mndandanda wa Columbia Jazz Masterpieces ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imene inabwera ndi chithunzi china pachikuto. Inasakanizidwanso pa makina a dijito a nthawi imeneyo, ndipo omvera ambiri amaidandaula kuti ndi yopyapyala. Ya 1997 inakonzedwa pa makina akale a tepi a njira zitatu okhala ndi machubu, ili pa liwiro lolondola, ndipo anaonjezeramo kajambulidwe kena ka Flamenco Sketches. Choncho mawu oti "CD ya Kind of Blue" satanthauza chinthu chimodzi. Musanayerekezere kalikonse, werengani chaka ndi nambala ya katalogi pa zonse ziwiri. Pa mbale, yang'anani m'malo osalala a pakati pa mapeto a nyimbo ndi chipepala chapakati: pali manambala ozokotedwa, ndipo pa mbale zakale za Columbia zilembo za XSM zimasonyeza sitiriyo, za XLP zimasonyeza mono. Mbale zoyambirira zenizeni zili ndi chipepala chokhala ndi timaso sikisi m'mbali mwake, ndipo pachikuto dzina la Adderley linalembedwa molakwika, lopanda e wachiwiri.

Zimene mbale imachita ku mawu

Mbale ya mainchi 12 imazungulira maulendo 33⅓ pa mphindi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma singano ikakhala kunja, pa mtunda wa mamilimita pafupifupi 146 kuchokera pakati, kangalande kamene mawu anadulidwamo kamadutsa pansi pake pa liwiro la masentimita 51 pa sekondi. Ikafika mkati, pa mamilimita 60, liwirolo latsika kufika pa masentimita 21. Mawu a 10,000 Hz amene kunja anali ndi malo a mamaikiromita 51 pa funde lililonse, mkati amapanikizika m'malo a mamaikiromita 21 okha. Nsonga ya singano yobulungira wamba ili ndi kukhota kwa mamaikiromita pafupifupi 18, ndiye m'tinjira tothithikana chotere imalephera kulowa m'kakhonde kalikonse. Zotsatira zake n'zakuti mawu a pamwamba amachepa ndipo amayamba kuthetheka nyimbo ikamayandikira pakati.

Pa chimbale ichi vutoli limagwera pamalo oipa kwambiri. Mbali yoyamba imatenga mphindi pafupifupi 25, zomwe ndi zambiri kwa mbale imodzi, ndipo nyimbo yomaliza ndi Blue in Green, momwe Miles amaliza lipenga lotsekedwa ndi chotsekera chachitsulo cha Harmon. Lipenga lotsekedwa chotere limatulutsa mawu opyapyala, akuthwa, odzaza ndi mafunde a pamwamba, amene singano imavutika nawo kwambiri mkati mwa mbale. Mbali yachiwiri nayonso imathera pa Flamenco Sketches, momwenso muli lipenga lotsekedwa. Pa galamafoni yoikidwa bwino, ndi singano ya nsonga yopyapyala, lipengalo limakhala losalala mpaka kumapeto. Pa singano yobulungira kapena yotha, noti iliyonse yaitali imamera kamchenga m'mphepete mwake. N'chifukwa chake makampani ena amatulutsa chimbalechi pa mbale ziwiri za maulendo 45 pa mphindi: liwiro limakwera ndi 35 peresenti ndipo nyimbo sizifika mkati kwambiri.

Kutalika kwa mbali kuli ndi mtengo winanso. Kuti mphindi 25 zikwane, wodula mbale amayenera kuyandikizitsa tingalande, ndipo kuti tisagundane amatsitsa mphamvu ya mawu kapena kuchepetsako besi. Mawu akatsika, phokoso la pulasitiki limamveka pafupi.

Besi yokhayo siidulidwa pa mbale monga mmene ilili. Kuyambira cha m'ma 1954 makampani anagwirizana pa muyezo wa RIAA, bungwe la makampani a nyimbo la ku America: podula mbale, mawu otsika kwambiri a 20 Hz amatsitsidwa ndi madesibelo pafupifupi 20, okwera a 20,000 Hz amakwezedwa ndi mlingo wonga womwewo, ndipo 1,000 Hz ndiye pakati posasintha. Posewera, kagawo ka ampulifaya kotchedwa phono kamatembenuza zonsezi. Kagawo kameneka kakaphonya ndi desibelo imodzi kapena ziwiri penapake, mbale iliyonse m'nyumbamo imamveka ndi mtundu umodzi wa mawu, ndipo mwiniwake amaganiza kuti ndi mmene mbale zimamvekera. Katiriji, kabokosi kogwira singano kumapeto kwa mkono wa galamafoni, ikakhala ya mtundu wa MM imafuna kukumana ndi miyezo ya magetsi ya ma ohm 47,000 komanso ma picofarad apakati pa 100 ndi 200 kwa mitundu yambiri. Waya wautali wochokera ku galamafoni umakweza ma picofarad, mawu a cha pa 10,000 Hz amatukumuka, apamwamba pake amagwa. Zitsulo za pa ng'oma za Cobb zimasintha maonekedwe chifukwa cha waya basi.

Sitiriyo ya pa mbale, imene inayamba kugulitsidwa mu 1958, imaika njira imodzi pa khoma lina la kangalande ndi inzake pa khoma linalo, makoma onse atapendekeka madigiri 45. Singano ndi imodzi, ndiye mawu a kumanzere amadonthera kumanja. Katiriji yabwino imalekanitsa njirazi ndi madesibelo 25 mpaka 30 pakatikati pa mawu, ndipo kumwamba imalekanitsa mocheperapo. CD imalekanitsa ndi madesibelo oposa 90. Pa chimbale chimene Coltrane waikidwa kumanzere kwenikweni ndipo Adderley kumanja kwenikweni, kudontha kumeneku kumathandiza: oimba amasendera pang'ono chapakati ndipo amamveka ngati gulu limodzi m'chipinda chimodzi. Pa CD, makamaka ndi mahedifoni, Coltrane amakhala m'khutu limodzi yekhayekha. Apa ambiri amakonda mbale, ndipo chifukwa chawo n'chomveka, ngakhale kuti chimene akukondacho ndi kulephera kwa singano.

Bowo lapakati likaphonya pakatikati, singano imakankhidwira kunja ndi mkati pa kuzungulira kulikonse, kamodzi pa masekondi 1.8. Bowo lophonya ndi theka la milimita, singano ili pa mamilimita 70, limakweza ndi kutsitsa mawu ndi 0.7 peresenti mbali iliyonse. Lipenga ndi sakisofoni zimabisako zimenezi chifukwa woimba amagwedeza noti mwachibadwa, koma piyano siinama. Manoti a Evans a kumapeto kwa Blue in Green, amene amasiyidwa kuti azilala okha, amayamba kuyandama ngati bwato pa mafunde. Mukayang'ana mkono wa galamafoni kuchokera pamwamba mudzauona ukupita uku ndi uku.

Pamwamba pa izi, mbale ndi kope la kope. Mawu amadulidwa pa chimbale chofewa cha lacquer, kuchokera pamenepo amapanga zikombole zachitsulo motsatizana mpaka chomaliza chimene chimadinda pulasitiki yotentha. Chikombole chimatha, ndiye mbale yodindidwa koyambirira ndi yodindidwa chikombole chitatopa sizifanana, ngakhale zili ndi chikuto chimodzi.

Zimene CD imachita, ndi zimene imanamiziridwa

CD, imene Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, imayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi ndi mabiti 16. Zimenezi zimanyamula mawu mpaka 22,050 Hz ndipo zimasiya mpata wa madesibelo pafupifupi 96 pakati pa mawu amphamvu kwambiri ndi phokoso lapansi. Mbale yatsopano, yoyera, imapereka mpata wa madesibelo 60 mpaka 70. Nyimbo yoyamba ndi yomaliza pa CD zimamveka mofanana, liwiro silisuntha, ndipo kusewera sikuitha. Nkhani yoti dijito imadula mawu kukhala timasitepe ndi yolakwika: chimene chimatuluka m'makina osewerera, chikadutsa m'sefa yake, ndi funde losalala.

Pa tepi ya 1959 CD ili ndi malo okwanira ndi otsala. Dolby, njira yochepetsera phokoso la tepi, inali isanabwere, inafika chapakati pa zaka za m'ma 1960, ndiye tepiyo ili ndi kaphokoso kake ka "sss" kosalekeza. Pa mbale kaphokoso aka kamasakanikirana ndi ka pulasitiki. Pa CD kamaima pokha, poyera, ndipo ena amakatenga ngati vuto la CD. Kwa ine kaphokosoka ndi chizindikiro chabwino. Kope limene lilibiretu, wina analichapa ndi makina ochotsa phokoso, ndipo makina amenewo amachotsera limodzi mchira wa mawu amene amazilala m'chipinda chachikulu chija komanso kukwecha kwa maburashi amene Cobb amalizira ng'oma pa All Blues.

Mbiri yoipa ya ma CD oyambirira ili ndi zifukwa zenizeni. Ena anakonzedwa kuchokera pa matepi amene anali atasinthidwa kale kuti adulire mbale, besi itachepetsedwa ndipo mawu a pamwamba atakwezedwa polipira zimene singano imataya. Tepi yotere ikaikidwa pa CD osaisintha, imalasa m'makutu. Ma CD ambiri oyambirira, makamaka a ku Japan, analinso ndi pre-emphasis, kukweza mawu a pamwamba mpaka madesibelo pafupifupi 10 kuti makina osewerera adzawatsitse. Makina a CD amaona chizindikiro chake n'kukonza okha, koma mapulogalamu ambiri a pakompyuta okopera CD sachita zimenezo, ndiye fayilo imatuluka yowala mopweteka.

Vuto lina linadza pambuyo pake, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene makampani anayamba kupikisana kuti CD yawo izimveka mokweza kuposa ya anzawo. Amapanikiza nsonga za mawu kuti akweze zonse, ng'oma n'kutaya kulumpha kwake. Zimbale za rock ndi pop zinavulala kwambiri kuposa za jazz yakale, koma ndi bwino kudziwa kuti pamene mbale yaposadi CD ya chimbale chomwecho, nthawi zambiri chifukwa chake n'chimenechi. Chenjezo limodzi: mapulogalamu oyeza nambala ya DR, imene imatsika mawu akapanikizidwa, amapereka nambala yokwera pa fayilo yojambulidwa kuchokera pa mbale ngakhale mbaleyo inadulidwa kuchokera pa fayilo yopanikizidwa yomweyo, chifukwa singano ndi phono zimasuntha nsonga za mafunde. Nambala imeneyo musaikhulupirire poyerekezera mbale ndi CD.

Malire a pakati pa ziwirizi nawonso si oonekeratu monga amaganizira ambiri. Mu 2022 kampani ya Mobile Fidelity, imene mbale zake zinkatamandidwa kuti ndi za analogi yokhayokha, inavomera kuti kwa zaka zambiri inkayamba yakopera matepi kukhala mafayilo a dijito a DSD isanadule mbale zake zambiri. Omvera odziwa bwino anali ataziyamikira mbalezo kwa zaka osazindikira kuti mwadutsa dijito.

Kayerekezedwe koyenera

Yambani ndi liwiro la galamafoni yanu. Njira yodalirika ndi mbale yoyesera yokhala ndi mawu a 3,150 Hz pamodzi ndi pulogalamu ya pafoni yowerenga mafunde, kapena kambale ka mizeremizere koyang'anira pansi pa getsi. Kambaleka kakhale ka 50 Hz ngati magetsi a kwanu ndi a 50 Hz, monga a ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain. Galamafoni yogulidwa ku America imene mota yake imatsata mafunde a magetsi a 60 Hz, ikalumikizidwa pa 50 Hz imazungulira maulendo 27.8 okha pa mphindi, ngakhale mutaigulira thiransifoma yotsitsa mphamvu ya magetsi. Imafunika kusintha kagudumu ka pa mota. Lamba wotha nayenso amatsetsereka ndi kuchedwetsa mbale. Pa chimbale chimene nkhani yake yaikulu ndi 1 peresenti ya liwiro, galamafoni yophonya ndi 1 peresenti imasokoneza zonse.

Kenako katiriji. Kulemera kwa singano kuyezedwe ndi kasikelo ka dijito, osadalira manambala a pa chitsulo cholemera cha kumbuyo kwa mkono, ndipo kuikidwe pamene wopanga ananena: magalamu 2.0 pa Audio-Technica AT-VM95E, 1.8 pa Ortofon 2M Red. Ambiri amapepukitsa singano poganiza kuti akuteteza mbale, chonsecho singano yopepuka imadumphadumpha m'kangalande n'kumenya makoma, ndipo ndi imeneyo imene imawononga. Katiriji iwongoledwe ndi kapepala koyezera ka Baerwald, kamene kali ndi malo awiri, pa mamilimita 66 ndi 120.9, pomwe singano iyenera kuloza molunjika m'kangalande. Kuphonya pang'ono apa kumamveka kwambiri mkati mwa mbale. Galamafoni ikhale pamalo osapendekeka, kutali ndi masipika, apo ayi besi ya Chambers imabwerera kudzera m'thabwa n'kulowanso mu singano.

Mbale itsukidwe ndi madzi a distilled, opanda mchere, okhala ndi kadontho ka mankhwala otsukira mbale, potsata tingalande, ndipo iume bwino isanaseweredwe. Madzi a pampopi kapena a pachitsime amasiya timchere timene timathetheka. Koma dziwani kuti kutsuka kumachotsa fumbi lokha. Mbale ya 1959 imene inaseweredwa zaka zambiri ndi singano yolemera ikhoza kuwala ngati yatsopano makoma ake atakumbika kale, ndipo kuthetheka kwa pa manoti amphamvu a Coltrane sikudzachoka.

Chofunika kuposa zonse ndi kufananitsa mphamvu ya mawu. Makina a CD amatulutsa magetsi a ma volt pafupifupi awiri, pamene katiriji ya MM imatulutsa ma millivolt anayi kapena asanu okha amene phono imawakweza, ndipo kawirikawiri safika pa mlingo wa CD. Khutu likamva zinthu ziwiri zosiyana ndi theka la desibelo, silinena kuti china n'chokweza. Limanena kuti china chili ndi besi yambiri, n'chotseguka, chili ndi moyo. Kufananitsa ndi khutu sikokwanira. Njira yosavuta ndi kujambula mbaleyo pakompyuta kuchokera potulukira pa phono, pa mabiti 24 ndi 96,000 Hz, nsonga zamphamvu zitasiyiridwa mpata wa madesibelo sikisi. Koperani CD kukhala fayilo ya WAV kapena FLAC, osati MP3. Tsegulani zonse ziwiri mu pulogalamu ya Audacity, dulani chigawo chimodzimodzi cha masekondi 20 mpaka 30, yezani mphamvu yapakati ya chilichonse, osati nsonga, n'kutsitsa chokwezacho mpaka zisiyane ndi madesibelo 0.1 kapena kucheperapo. Wina adzati kujambula mbale pakompyuta kwaisandutsa dijito. N'zoona, koma kujambula kotere kumasunga zonse zimene mbale ndi singano zinaonjeza, ndipo mukhoza kutsimikiza nokha posinthasintha pakati pa mbale yeniyeni ndi fayilo yake.

Ngati mbale yanu ndi ya sitiriyo yakale ndipo CD ndi ya 1992 kapena pambuyo pake, yambani ndi mbali yachiwiri. All Blues ili pa liwiro limodzi pa zonse, ili kunja kwa mbale kumene singano imachita bwino koposa, ndipo ili ndi zonse zofunika: piyano yonjenjemera poyambira, maburashi, besi yobwerezabwereza ndi lipenga lotsekedwa. Mukaika mafayilo a So What pamodzi mudzaona wina ukusiya mnzake pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto asiyana ndi masekondi angapo.

Kuti maso asakusankhireni, gwiritsani ntchito pulogalamu ya foobar2000 ndi chida chake cha ABX, chimene chimabisa kuti mukumva iti. Yesani maulendo 16. Kupeza 12 kapena kuposa kumachitika mwamwayi pafupifupi kanayi kokha pa 100, ndiye n'chizindikiro choti kusiyana mukukumvadi. Pakati pa mbale ndi CD mudzapambana mosavuta chifukwa kathetheka kamodzi kamaulula mbale, choncho sankhani chigawo chopanda kuthetheka, ndipo kumbukirani kuti ABX imangonena kuti zasiyana, siinena kuti yabwino ndi iti. Pa funso lachiwirilo pemphani mnzanu azisintha popanda kukuuzani, inu muzilemba zimene mwakonda musanadziwe dzina.

Malo atatu amaulula zambiri. Oyamba ndi chiyambi cha So What, pamene pali piyano ndi besi zokha: mverani ngati noti iliyonse ya besi ikudziwika payokha ndi kukhudza kwa chala pa chingwe, kapena zonse zangokhala mdidi umodzi. Achiwiri ali cha pa mphindi imodzi ndi theka m'nyimbo yomweyo, pamene Cobb amamenya chitsulo mwamphamvu Miles akuyamba kuimba yekha. Werengani m'mutu kuti kulira kwa chitsulocho kukutenga nthawi yaitali bwanji kusanazimiririke, ndiponso ngati kukumveka ngati mkuwa kapena ngati mpweya wotuluka m'tayala. Achitatu ndi Blue in Green yonse. Adderley saimba m'nyimboyi, ndiye kumanja kumatsala maburashi okha, ndipo chilichonse chimene mbale yaonjeza chimamveka poyera.

Zinthu zikakhala zofanana, ndiye kuti tepi imodzi, wosakaniza mmodzi ndi mphamvu imodzi, CD imakhala pafupi kwambiri ndi tepi: besi imatsika mwaukhondo, piyano siigwedera, ndipo nyimbo yomaliza ndi yoyera ngati yoyamba. Mbale imayandikizitsa oimba, imafewetsa zitsulo pang'ono, ndipo imaonjeza timafunde tina timene makutu ambiri amatimva ngati kufunda. Amene akufuna kumva chimbalechi pa liwiro la oimbawo, pa mtengo wochepa, CD ya 1997 kapena ina iliyonse yotuluka pambuyo pake imamukwanira, ndipo imaposa kutali mbale yakale yotha. Amene ali ndi galamafoni yoikidwa bwino ayeserenso mono, chifukwa mmenemo mulibe Coltrane wa kumanzere ndi Adderley wa kumanja, onse ali pamodzi ndipo besi imakhala yolimba. Posewera mbale ya mono ndi katiriji ya sitiriyo, dinani batani la mono pa ampulifaya ngati lilipo, kapena phatikizani njira ziwirizo pambuyo pa phono. Nyimbo ya mono ili m'kugwedezeka kwa singano kwa uku ndi uku, pamene gawo lalikulu la fumbi ndi zokanda lili m'kugwedezeka kwa m'mwamba ndi pansi, ndiye njira ziwiri zikaphatikizana phokoso la mtundu umenewo limafafanizika nyimbo n'kutsala.